Anandifunditsa nsalu ndili moyo pamsewu wa ku Kabudula

Amene amandidziwa adzakuuzani kuti ine sindine munthu wa nkhani zambiri, ndipo zokometsera nkhani sindizitha, choncho zimene ndikulemba panozi muzitenge mmene zililimu. Zinandichitikira ine mwini wakene, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ambirimbiri akuona. Mayina sinditchula, ngakhale la mudzi, poti ambiri mwa anthu ake akadali moyo ndipo timakumana m'misika ndi m'maliro. Papita zaka zingapo tsopano, koma ndikamayamba kuikamba zimakhala ngati zachitika dzulo.

Ine ndine mlimi, koma ndinaphunziranso ntchito yokonza mijigo, ndipo midzi yambiri ya pakati pa Nsaru ndi Kabudula ikaona kuti madzi asiya kutuluka imaitana ine. Ntchito imeneyi ndi imene inandithandiza kugula njinga yamoto. Ndinene pano kuti sindinali woyendetsa mwaphuma. Laisensi ndinali nayo, inshuwalansi ndinkadula, chipewa choteteza mutu ndinkavala ngakhale ulendo wa pafupi, mpaka anyamata a kabaza pasiteji ankandiseka kuti adala awa ngakhale nkhuku ikhoza kuwapitirira. Ndinkaganiza kuti munthu ukasamala, msewu umakusiya. Sindinkadziwa kuti pamsewu moyo wako amausunga ndi munthu wina amene sunamuonepo n'kale lonse.

Unali mwezi wa Juni, nthawi imene fodya amapita ku okushoni. Amene mumayenda msewu wafumbiwu mukudziwa mmene umakhalira nyengo imeneyo: malole odzaza mabelo mpaka kupendekeka, fumbi lofiira loti galimoto ikadutsa umakhala ngati walowa m'chigayo, ndi mphepo yozizira yosaleka. Ndinanyamuka pakhomo nditamwa tiyi, masipanala nditamanga kumbuyo, kupita kumudzi wina kumene mjigo unali utafa. Ndisanapite patali ndinaona ngolo ikubwera kutsogolo kwanga, ili mbali yake bwinobwino, itanyamula chimanga. Kumbuyo kwa ngoloyo kunali chifumbi, ndipo ndinadziwa kuti muli galimoto. Ndinachepetsa liwiro n'kupatukira kumanzere kwenikweni mpaka matayala akuponda udzu. Nanga china chimene ndikanachita n'chiyani?

Loleyo sinadikire. Dalaivala anaona kuti ngolo ikumuchedwetsa, anakhotetsa kuti aipitirire, ndipo anabwera nayo yonse mbali yanga, osaimba ndi hutala yomwe. Chimene ndimakumbukira ndi chingwe chomangira mabelo chikulendewera pambali, ndi nkhope ya dalaivalayo pagalasi. Kugundako sindinakumve.

Ndinatsitsimuka ndili chagada m'ngalande, nkhope itapendekera cha kumsewu. Chipewa chinali chitavuka n'kugwera kwina. Diso lamanja linali litamatirira ndi magazi ndi dothi, lamanzere linali lotseguka pang'ono chabe, ngati kampata ka pachitseko, ndipo ndinkaona udzu, tayala la njinga yanga likuzungulirabe, ndi kumwamba. Ndinamva lole ija ikusintha magiya, ikupita. Musadabwe nazo. Madalaivala ambiri kuno akagunda munthu saima, amaopa kumenyedwa kapena kuwotcheredwa galimoto, ndiye amathawira kupolisi. Koma galimoto imene ikanandithamangitsira kuchipatala inali yomweyo.

Ndinafuna kudzuka, thupi linakana. Sikuti linkapweteka ayi, likanapweteka bwenzi nditalimba mtima, koma kuyambira m'khosi kutsika mmunsi kunalibe kanthu, ngati thupi lonse alichotsa n'kusiya mutu wokha padothi. Ndinauza dzanja kuti lisunthe, silinamve. Ndinafuna kukuwa, koma nsagwada inali itathyoka ndipo mpweya unali wochepa kwambiri moti mawu sankatuluka. Mphuno inali itaphwanyika n'kutsekeka ndi magazi oundana. Kampweya konse kamene kankandisunga kankalowera pakamwa, pang'onopang'ono, ngati munthu akuyamwa madzi ndi kaudzu. Koma makutu ankamva chilichonse, ndipo nzeru zanga zinali zonse. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga.

Woyamba kufika anali bambo wina wa jekete yakuda, sindimudziwa ndipo sindinamuonenso. Ananjuta pafupi nane, anayang'ana uku ndi uku, n'kupisa dzanja m'thumba la malaya pachifuwa panga mmene munali foni. Dzanjalo sindinkalimva, koma ndinaliona litaima. Anandiyang'ana m'diso lija, inenso ndinamuyang'ana, ndipo ndimakhulupirira mpaka lero kuti anaumva mtima wanga ukugunda. Anatulutsa foniyo, anaimirira, n'kukwera kubwerera pamsewu. Akanati anene kuti munthuyu ali moyo, anthu akanamufunsa kuti wadziwa bwanji, wamugwira pati. Ndiye anangopita nayo foni yangayo.

Kenaka anthu anayamba kukhamukira, ena kuchokera m'minda kumene ankakolola, ena m'mudzi wa pafupi. Mayi wina atangoona magazi, ali pamtunda pomwepo, anagwira kumutu n'kuyamba kulira kuti mayo ine, munthu uja wapita, wafera pomwepo. Basi, nkhani inathera pamenepo. Aliyense wofika ankauzidwa kuti wafa, iye n'kuuza womutsatira. Palibe amene anatsikira m'ngalandemo. Anaima mozungulira, chapatali, monga timachitira. Wina anazindikira njinga, amvekere kodi si amijigo aja awa, akamwini a kumudzi wakuti? Bambo wina wa mawu aakulu anaimba foni kupolisi, ndipo ndinamumva ndi makutu angawa akunena kuti lole yagunda wa njinga yamoto ndipo wamwalira pompo. Atamaliza analengeza kuti apolisi akuti akubwera, koma pasapezeke munthu wogwira mtembo kapena kusuntha njinga mpaka iwo adzayeze msewu. Ine apolisiwo sindiwada. Anauzidwa za mtembo, ndipo mtembo sauthamangira.

Apa mayi wina wachikulire anati si ulemu kuti munthu wamkulu agone poyera chonchi ana akumuonerera. Anamasula chitenje chake chapamwamba, anatsika pang'ono nkhope atayang'ana kumbali, n'kundifunditsa kuyambira kumutu. Kunja konse kunasanduka kwachikasu, mtundu wa chitenjecho. Chinkanunkha utsi ndi sopo. Ndikakoka mpweya nsaluyo inkabwera kudzamata pamilomo, ndikautulutsa inkakwera pang'ono, ndipo ndinati mwina wina aona zimenezi. Koma ndanena kale kuti inali nyengo ya mphepo. Nsalu yonse inkangokupizika, moti wina anatola miyala n'kupsinja m'makona kuti isauluke. Ena anathyola nthambi n'kuziika pamsewu mbali zonse ziwiri, monga timachitira pakagwa zovuta, kuti odutsa achepetse liwiro. Ndinkamva a njinga zakapalasa akutsika, akufunsa motsitsa mawu kuti kodi watisiyayu ndani.

Kodi munayamba mwakhalapo pamaliro anu omwe? Ine ndinakhalapo. Amayi anayambitsa nyimbo yachisoni imene inenso ndaimba nawo kambirimbiri. Abambo anakhala pansi cha pamwamba panga n'kumandikamba. Wina anati anali munthu wofatsa, wosayamba munthu. Mnzake anati zoona, koma mjigo wa kwathu anaukonza mwezi sunathe wafanso. Wachitatu anati njinga zamotozi zititha, ndipo onse anavomera. Dzuwa linakwera. Ntchentche zinapeza polowera n'kumandiyenda pamilomo, nyerere ina inalowa m'khutu, ndipo sindikanatha ngakhale kupukusa mutu. Ndinayesa kugunda lilime kuti lilire, nyimbo inameza. Ndinayesa kupemphera, koma pemphero limene ndalidziwa kuyambira ndili mwana linkangothera pa mzere woyamba.

Mantha anga anali awiri. Oyamba anali akuti mpweya unkacheperachepera, ndipo ndinadziwa kuti apolisi akachedwa adzapezadi mtembo, ndipo palibe munthu padziko lino amene adzadziwe kuti ndinagona pamenepo wamoyo ndikumva zonse. Achiwiri anali oposa oyambawo: kuti afika ndikupumabe, andinyamula ndi nsalu yomweyo osandivundukula, n'kukanditsekera m'chipinda chozizira chosungiramo mitembo. Ndinayamba kufuna kuti ngati ndi kufa, ndifere pomwepo.

Uthenga unafika kwathu, poti sikunali kutali. Woyamba kubwera anali alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba. Sanalire nthawi yaitali, ndi munthu wa zochita. Ndinawamva akufotokozera anthu kuti malemuwa ndi mkamwini, kwawo ndi ku Nambuma, ndiye atumize uthenga kwa amalume awo kuti anene okha ngati akawaike kwawo kapena kuno, kuopa kuti mawa angadzati tinawabisira m'bale wawo. Wina anafunsa za bokosi. Alamuwo anati zimenezo zisavute, m'nyumba muli matabwa abwino amene malemu anasunga kuti adzakhomere zitseko za nyumba yatsopano. Mundikhululukire, koma pakati pa mantha onsewo ndinapsa mtima. Matabwa anga!

Kenaka ndinamva kulira kumene ndikanakuzindikira pakati pa anthu chikwi. Anali mayi a kunyumba. Ankandiitana ndi dzina la mwana wathu woyamba, monga amachitira masiku onse, akufunsa kuti mwandisiya ndi yani, si inu munati mubwera msanga tikakolole mtedza? Anayandikira mpaka ndinamva mapazi awo pa udzu, koma amayi anawagwira. Iwo anapempha kuti angoona nkhope yokha. Anawakaniza, akuti nkhope yawonongeka, mkazi saonera mwamuna wake patchire, akaonera kunyumba akamusambitsa, komanso apolisi aletsa. Anapemphanso, amvekere ndisiyeni anthuni, ndi mwamuna wanga, ndingomuona basi. Anawakokera pansi pa mtengo n'kuwakhazika pamenepo, wina kuwagwira dzanja ili wina ili. Nthawi imeneyo ndinasonkhanitsa mphamvu zanga zonse kuti nditulutse liwu limodzi lokha. Chinatuluka ndi msozi, ndipo unathera m'chitenje.

Dzuwa litapendeka pang'ono panafika mdala wina wa m'mudzi wa pafupiwo, mmodzi wa akuluakulu a adzukulu, anthu aja amene amasamala mtembo ndi kukumba manda. Ndinamudziwa ndi chifuwa chake komanso pakamwa pake, poti adzukulu amaloledwa kulankhula zimene ena sangalankhule pamaliro. Anafunsa kuti munthuyu wagona nthawi yaitali bwanji, ndipo atamva kuti chiyambire m'mawa palibe wamugwira, anakalipa. Amvekere inu anthu mwapenga eti, munthu akauma kukamwa kuli yasa mudzamutseka ndi chiyani, nyundo? Mukufuna ana ake akamuone bambo awo akuseka m'bokosi? Bambo woimbira apolisi uja anamukumbutsa kuti apolisi aletsa. Mdalayo anati apolisi amayeza msewu, sayeza pakamwa pa munthu, ndipo akafuna kumumanga amumange, wakalamba kale, akavutike okha kumudyetsa. Anthu anaseka chapansipansi, ndipo palibe anamuletsanso. Anapempha kansalu. Ndinamva wina akung'amba m'mphepete mwa chitenje.

Ine ndakhalapo pamaliro ambiri, ndiye ndinkadziwa bwino ntchito ya kansaluko. Amakadutsitsa pansi pa chibwano n'kukamanga pamwamba pa mutu kuti kukamwa kutsekeke thupi lisanaume. Ndipo ndakuuzani kuti mphuno yanga inali yotsekeka.

Anatsika m'ngalandemo akubuula ndi mawondo, anachotsa miyala ya kumutu, n'kutsitsa nsalu mpaka m'khosi. Kuwala kunandilasa. Nkhope yake inali pafupi ndi yanga, ndipo ndinati tsopano ndapulumuka, aona diso langa. Ndinaphethira mmene ndikanathera. Koma maso a mdalayo anali ndi ng'ala, ntchito yake ankaigwira ndi zala. Anandilankhula monga amalankhulira ndi mitembo yonse, akuti pepani amijigo, tikukonzeni pang'ono mukafike bwino, nanga mijigo yathu mwaisiyira yani, tizimwa za m'dambo eti? Anaika chala chachikulu pachikope changa n'kuchitsitsa. Mdima.

Kenaka dzanja lake linalowa pansi pa chibwano n'kukankhira m'mwamba. Ululu wa nsagwada yothyoka sindingaufotokoze, unang'anima m'mutu monse ngati mphezi, koma sunali kanthu poyerekeza ndi chimene chinatsatira. Milomo inakumana. Kampweya kaja kanaduka. Ndinamva kansalu kakudutsa m'masaya, kakukokedwa, mfundo ikumangidwa pamwamba pa mutu. Ndinamva mdalayo akuuza anthu kuti mwayi wake dzuwa lathandiza, thupi likadali lofewa. Ndinakoka mpweya, panalibe. Ndinakokanso, panalibe. M'makutu munayamba kulira, nyimbo ya amayi ija inapita kutali ngati ikuimbidwa kutsidya kwa dambo, ndipo ndinaganiza kuti ndapulumuka lole kuti ndiphedwe ndi ulemu wa anthu akwathu.

Chimene chinachitika kenaka sindinachichite ine, linachita thupi lokha. Chifuwa chija chimene sindinkachimva chinadzikankha kamodzi ndi mphamvu yake yomaliza, magazi oundana aja anafwamphuka m'mphuno n'kuthovukira kunkhope kwa mdalayo, ndipo panamveka mkonono waukulu ngati wa ng'ombe ikamaphedwa. Diso lija linatseguka lokha.

Mdalayo anagwa chagada n'kuyamba kukwawa chobwerera. Wina anakuwa kuti wadzuka, mtembo wadzuka! Sindinaonepo anthu akubalalika ngati tsiku limenelo. Njinga zinagwerana, amayi anataya mitolo, nyimbo inadukira pakati pa liwu, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti bambo woimbira apolisi uja anamupeza kuseri kwa shedi ya fodya, nsapato imodzi palibe. Alamu anga nawonso sanatsale. Masiku ano timaseka, koma ine panthawiyo ndinali ndikufabe, chifukwa kansalu kanali kakadali komanga, ndipo m'mphuno munkangolowa kampweya kosakanikirana ndi magazi.

Kuthawa kwa anthuko ndi kumene kunandipulumutsa, chifukwa amayi aja anagwira mayi a kunyumba anathawanso n'kuwasiya okha. Pamene aliyense ankathamangira kumtunda, iwo anathamangira m'ngalande. Mfundo inawakanika ndi zala, ndiye anaimasula ndi mano. Kukamwa kunatseguka, mpweya unalowa. Anandiyang'ana n'kunena kuti ngati mukundimva tsinzinani. Ndinatsinzina. Anati tsegulani. Ndinatsegula. Apo anaimirira, ndipo mkazi amene sindinamumvepo akukweza mawu pagulu anakalipira mudzi wonse. Amvekere bwerani kuno amantha inu, munthu ali moyo uyu, mwamugoneka padzuwa tsiku lonse mukumuimbira nyimbo, mulibe manyazi? Achimwene, mwathawa mlamu wanu yemwe?

Anthu anabwerera mmodzimmodzi, ena akusuzumira kuseri kwa anzawo. Bambo woimbira apolisi uja anayambanso za apolisi, koma mayiwo anamuyankha kuti apolisi aletsa kugwira mtembo, ndiye akawasakire mtembowo kwina. Apa panabukanso ngozi ina. Anthu omwe aja amene tsiku lonse ankaopa kundikhudza, tsopano aliyense ankafuna kuthandiza. Wina anabwera ndi madzi kuti andimwetse, wina anati amukhazike tsonga apume bwino, awiri anandigwira mikono kuti andikokere pamsewu, winanso anati amukweze pa kabaza pakati pa anthu awiri. Amene anawaletsa ndi mdala uja. Anabwerera akupukuta magazi kumaso ndi chipewa chake, akung'ung'udza kuti zaka zonsezi palibe mtembo unamulavulirapo. Anati iye za chipatala sazidziwa, koma kanyamulidwe ka munthu amadziwa kamodzi kokha, kogona chowongoka, mutu wina ataugwira, ndipo munthu amene iye wayamba kumusamala sanyamulidwa ngati thumba la chimanga. Anazula chitseko cha kagolosale ka pafupi, anandisunthira pamenepo anthu angapo nthawi imodzi, iye atagwira mutu wanga ndi manja awiri.

Galimoto yoyamba inakana, yachiwiri inakananso itaona magazi ndi nthambi pamsewu. Yachitatu inali kapikapu konyamula kabichi, ndipo mayi a kunyumba anaima pakati pamsewu kutsogolo kwake n'kunena kuti ngati sakunyamula mwamuna wawo ayambe waponda iwo. Anatsitsa matumba ena n'kundikweza ndi chitseko chomwecho. Mdala uja anakwera nawo, mutu wanga uli m'manja mwake njira yonse, ndipo pabampu iliyonse ankandipepesa. Pachipatala choyamba anangondiika chomangira khosi n'kunditumiza kuchipatala chachikulu mu tauni. Kumeneko adokotala ananena kuti fupa la m'khosi linang'aluka ndipo chotupa chinapanikiza mitsempha, n'chifukwa chake thupi linazima. Ananenanso kuti akanandikhazika tsonga kapena kundikweza pa kabaza, mwina sindikanayendanso. Ndiye onani mmene zinthu zimakhalira: munthu yemweyo amene anatsala pang'ono kundipha pondiyesa mtembo, anandipulumutsa pondinyamula ngati mtembo.

Zala za kumapazi zinayamba kumva patapita masiku. Ndinakhala m'chipatala nthawi yaitali, nsagwada atazimanga ndi waya, ndikudya phala lamadzimadzi. Ndili komweko ndinamva kuti kunyumba katundu anali atatulutsidwa kale panja, nkhuni zitatutidwa, ndipo abale anga a ku Nambuma anakumana ndi uthenga wachiwiri ali panjira, ufa uli pamutu. Ena mwa iwo sanakhulupirire mpaka anabwera kudzandigwira.

Mwini lole naye, tsiku lomwelo atamva kuti galimoto yake yapha munthu, anatumiza thumba la chimanga ndi lonjezo la bokosi ndi galimoto yonyamula maliro. Atamva kuti ndili moyo, foni yake inasiya kuyankhidwa. Ndinaphunzira kuti kwa anthu ena wakufa ndi wopepuka kuposa wovulala, poti wakufa amathera patsiku limodzi. Patapita nthawi anatuma anthu awiri kuchipatala ndi shuga ndi buledi, akuti tikambirane pachibale, za boma zimachedwa, tingomvana pompano nkhani ithe. Ine sindikanatha kulankhula, koma mayi a kunyumba anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kukhoma, ndipo anawauza kuti adokotala omwe sanadziwe ngati munthuyu adzayenda, inu mwadziwa bwanji mtengo wake? Dalaivala anali atanena kupolisi kuti ndine ndinalowa mbali yake. Pa anthu onse amene anandiimbira nyimbo tsiku lija panalibe amene anaona kugundako, koma mwini wa ngolo ija, mlendo wogwira ntchito pa esiteti ina, anavomera kukaima n'kunena zimene anaona. Ndi mawu ake, pamodzi ndi malipoti a apolisi ndi achipatala, a inshuwalansi ya loleyo anapereka chipukuta misozi, titayendera mpaka nsapato kutha. Chinathandiza, sindikana. Koma dzanja lamanzere silinabwerere mwakale, ndipo mapaipi a mjigo masiku ano amandikokera ndi ena.

Nditabwerera kumudzi, anthu ena ankandipatuka panjira. Ankanong'onezana kuti munthu uja anafa ndithu, onse anaona, ndiye anabwerako bwanji ngati alibe zimene amadziwa. Mpaka lero alipo amene salandira chinthu kuchokera m'manja mwanga. Sindilimbana nawo. Ndikuganiza kuti n'chapafupi kwa iwo kunena kuti ndinauka kusiyana ndi kuvomera kuti anakhala pansi n'kumaonerera munthu wamoyo akutha.

Ine sindinafe, ndipo palibe mankhwala amene ndimadziwa. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti Mulungu anandisunga, komanso kuti pamisewu yathuyi pali anthu amene anaikidwa m'manda chifukwa cha liwu la munthu mmodzi amene anaona magazi ali patali. Iwo sanapeze mwayi wobwera kudzakuuzani, n'chifukwa chake ndalemba ine. A madalaivala, ngolo ikakuchedwetsani m'fumbi, dikirani, fodya sawola panjira, ndipo mbali inayo muli munthu amene simukumuona. Mukagunda munthu n'kuthawira kupolisi, kanene kuti mwagunda munthu, musakanene kuti mwapha. Anzanga a njinga zamoto, mangani lamba wa chipewa zolimba, ndipo mukavulazidwa musavomere za pachibale adokotala asanamalize nanu.

Koma chachikulu ndikupempha nonsenu amene mumafika pangozi. Musamve za wolira, ngakhale alire mokweza bwanji. Tsikani, gwadani, ikani tsaya lanu pafupi ndi pakamwa pake, mulankhuleni, muuzeni atsinzine ngati akumva. Musamukoke, musamukhazike, musamumwetse madzi, ndipo poimba foni nenani kuti pali wovulala mpaka wachipatala atanena zina. Ine masiku ano ndikapeza nthambi pamsewu ndi munthu atafunditsidwa m'mbali, ndimaimitsa njinga, ndimapempha eni ake, n'kuvundukula. Ena amandinena kuti ndilibe mwambo, ndipo kawirikawiri ndimapeza kuti munthuyo wapitadi, n'kubwezera nsaluyo mwaulemu. Koma ndisanabwezere ndimamuuza kaye kukhutu kuti ndabwera, ndipo ndimadikira.